Masamba Aikidwe Patali ndi Lole

Amene anayendapo usiku pamsewu wa M1 akudziwa zimene ndikufuna kunena. Mukutsika chitunda, kunja kuli bii, mwadzidzidzi magetsi a galimoto aunika nthambi yaiwisi ili gone pakati pa phula. Mwapita pang'ono, ina. Kenaka inanso. Dalaivala wodziwa ntchito sadikira kuuzidwa. Amasiya kuponda moto n'kugwira buleki, chifukwa wadziwa kuti kuseri kwa konayo kwafera lole. Palibe wapolisi, palibe cholembedwa. Mnyamata wa pa loleyo anangotsika ndi chikwanje, n'kusadza nthambi m'mbali mwa msewu, n'kuyenda nazo kamtunda ndithu asanaziponye pansi. Masamba omwewo mukawapeza masana pafupi ndi mudzi, mwadziwa kuti pagwa zovuta: wapanjinga amatsika, wachipewa amavula, wa minibasi amatsitsa wailesi.

Ndakumbuka masamba amenewa chifukwa cha mdzukulu wanga wina amene amalemba mapulogalamu a pa foni ku Lilongwe. Anabwera kumudzi pa Isitala nkhope ili ndwii, akuti abwana ake amupatsa kantchito kachabechabe: akonze tsamba la pa intaneti loti lizinena ngati pulogalamu yawo ikuyenda bwino kapena yavuta. Kuntchito kwawoko amalitcha status page. Iye ankafuna ntchito yooneka, yoti anzake akaiona agwedeze mutu. Ndinamuuza kuti, “Iwe, akupatsa chikwanje cha mnyamata wa pa lole, ndiye ukuchinyoza?” Anaseka, koma atazindikira kuti la pamtengo ndi la pa intaneti onse timawatcha tsamba, anakhala pansi. Zimene tinakambirana usiku umenewo tikuotcha chimanga chachiwisi ndi zimene ndikulemba pano, kuti nanunso ana anga amene mukumanga zinthu za pa intaneti mumveko. Ine ndinakalambira ntchito ya matelefoni, nthawi imene mawu ankayenda pa mawaya a pamapolo. Makina anasintha, koma munthu wodikira kuti lamya yake ilire ndi yemwe uja.

Tiyambire ku America, kumene kunachitika nkhani imene aliyense wokonza tsamba lotere ayenera kuidziwa ngati dzina lake.

Pa 28 Febuluwale 2017, mainjiniya a kampani ya Amazon ankafufuza chimene chinkachedwetsa makina awo owerengera mabilu a S3. S3 ndi nkhokwe yaikulu kumene makampani ambirimbiri amasunga zithunzi, mafayilo ndi zina zotero m'malo mogula makompyuta awoawo. Nthawi ili 9:37 m'mawa kugombe la kumadzulo kwa America, kuno kwathu ili 7:37 madzulo, injiniya wina analemba lamulo pa kompyuta loti lichotse maseva ochepa pantchito. Chala chinaterereka. Maseva amene anachoka anali ambiri kuposa amene ankafuna, ndipo ena mwa iwo ndi amene ankasunga kaundula wa pamene chilichonse chili m'nkhokwemo. Panalibenso kuchitira mwina koma kuzimitsa zigawo zimenezo n'kuziyatsanso, chinthu chimene anali asanachite kwa zaka zambiri. Nkhokwe ya ku Northern Virginia inakhala yotseka kwa maola pafupifupi anayi, ndipo masamba a pa intaneti osawerengeka anagwera limodzi.

Kuterereka kwa chala sindikudabwa nako. Tsoka silinunkha, ndipo amene sanalakwitsepo ndi amene sanagwirepo ntchito. Chimene chimandigwiritsa pakamwa ndi ichi: anthu atathamangira pa tsamba la Amazon lonena za thanzi la makina awo, anapeza zizindikiro zili zobiriwira, zikuti zonse zili bwino. Chifukwa chake n'chiyani? Chida chimene mainjiniya ankasinthira zizindikirozo chinkadalira S3 yomweyo imene inagwayo. Kwa maola awiri, mpaka 11:37, sanathe kusintha chizindikiro cha ntchito ina iliyonse. Ankalengeza kudzera pa Twitter ndi pa kamzere ka mawu pamwamba pa tsambalo. Ndiye kuti mnyamata wa pa lole uja anasadza masamba ake bwinobwino, n'kuwamangirira pa lole yomwe yafayo, kuseri kwa kona, kumene wobwera amawaona atagunda kale.

Amazon inavomera poyera n'kukonza kuti chida chimenecho chizikhala m'madera angapo. Koma taonani mmene chinthuchi chimabwerera ngati malungo osamaliza mankhwala. Mu Novembala 2020 makina ena a Amazon otchedwa Kinesis atavuta, kulengeza kunachedwanso, chifukwa chida cholembera uthenga pa tsamba chinkadalira Cognito, makina otsimikizira kuti wolowayo ndi mwiniwake, ndipo Cognito nayo inakhudzidwa. Njira ina yolembera inalipo, koma amene anali pantchito tsiku limenelo sanali oizolowera. Pa 12 Juni 2025 inali nthawi ya Google: makina awo a Cloud atagwa, uthenga woyamba unatuluka patapita pafupifupi ola lathunthu, chifukwa tsamba lolengezera nalo linali pansi. Awa ndi makampani a ndalama zosati n'kuwerenga, okhala ndi akatswiri a dziko lonse. Ngati zikuwachitikira iwo, kakampani kanu ka anthu khumi kasamadzione kochenjera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono mukamamanga tsamba lanu, khalani pansi ndi pepala ndi pensulo, mudzifunse funso limodzi mobwerezabwereza: ichi chikafa, tsamba lipuma? Seva imene tsamba likukhalapo isakhale ya kampani imene ikusunga pulogalamu yanu. Dzina la tsambalo likhale palokha. N'chifukwa chake kampani ya GitHub ili ndi githubstatus.com, ndipo ya Cloudflare ili ndi cloudflarestatus.com, maina osiyana ndi a nyumba zawo zazikulu. DNS, imene ili ngati buku la manambala a lamya losandutsa dzina kukhala adiresi ya kompyuta, nayonso ikhale ya kwina. Ndipo chimene ambiri amaiwala ndi kiyi. Ngati wolemba uthenga ayenera kulowa ndi akaunti ya kuntchito, ndipo makina a akaunti ya kuntchito ndi amene afa, mwatsekera kiyi wa nyumba m'nyumba momwemo. Ngakhale mndandanda wa anthu oti muwadziwitse usamakhale m'nkhokwe imodzi ndi katundu wawo. Mu Epulo 2022 kampani ya Atlassian inafufuta mwangozi masamba a makasitomala pafupifupi 775, ena anadikira mpaka milungu iwiri, ndipo chinakulitsa bala ndi choti ma adiresi a anthu oyenera kuuzidwa anafufutika pamodzi ndi masambawo. Atlassian yomweyi ndi imene imagulitsa Statuspage, chida chimene makampani ambiri amalengezera mavuto awo, chimene inachigula mu 2016. Sing'anga nayenso amadwala.

Za Facebook sindikusowa kukuuzani zambiri, poti munalipo. Pa 4 Okutobala 2021, itatsala pang'ono kukwana 6 koloko madzulo nthawi yathu, WhatsApp, Facebook ndi Instagram zinangoti zii mpaka cha pakati pa usiku. Kuno ambiri anayamba kutukwana kampani yawo ya foni, ena anagula bandulo yachiwiri poganiza kuti yoyamba yatha, ena anazimitsa ndi kuyatsa foni mpaka batire kutha. Chinachitika n'choti lamulo lina pa nthawi yokonza makina linadula njira zonse zolumikiza nyumba za makompyuta a Facebook, dzina lawo n'kusowa pa intaneti ngati mudzi wofufutidwa pa mapu. Zida za mainjiniya awo zinapita nawo limodzi, mpaka ena anachita kupita ndi miyendo kunyumba za makompyutazo, kumene chitetezo chake n'chokhwima dala. Ndipo kupepesa anakapepesera pa Twitter, pabwalo la mnzawo wopikisana naye. Bandulo yachiwiri ija palibe anabweza. Munthu akasowa pomufotokozera, amadzifotokozera yekha, ndipo kawirikawiri amalipira.

Izi zonse ndi za tsamba limene likufuna kunena zoona koma lamangidwa pakamwa. Palinso lina limene pakamwa pali potsegula koma likusankha kukhala chete, ndipo ili ndiye limandinyansa.

Mulitsegule tsiku lililonse, mupeza mizere yobiriwira kuchokera pamwamba mpaka pansi, miyezi itatu yathunthu popanda kadontho. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Palibe makina padziko pano amene amayenda miyezi itatu osatsokomola. Chimachititsa n'chodziwika. Makampani amasainirana mapangano ndi makasitomala akuluakulu, otchedwa SLA, olonjeza kuti makina aziyenda, tinene, 99.9 peresenti ya nthawi. Pa chaka chonse zimenezo zikutanthauza kuti aloledwa kugwa maola osakwana asanu ndi anayi, akalonjeza 99.99 peresenti, ndi mphindi pafupifupi 53 zokha. Akapyola pamenepo amabweza ndalama. Ndiye mphindi iliyonse imene chizindikiro chili chofiira ili ndi mtengo wake, ndipo kumapezeka munthu mu ofesi amene ntchito yake, osainena, ndi kuchedwetsa kufiirako. Injiniya waona utsi, koma auze kaye abwana ake, abwana auze abwana awo, aitane wa zamalamulo, aitane wa zofalitsa nkhani, ndipo wina mwa iwo ali pa ukwati foni ili m'chikwama. Zengerezu analinda kwawukwawu. Pamene akugwirizana za mawu oti alembe, dziko lonse ladziwa kale.

Ladziwa chifukwa masiku ano anthu ali ndi mabwalo awo. Kuli tsamba lotchedwa Downdetector limene limangowerenga madandaulo a anthu wamba n'kujambula mzere wokwera. Kuli magulu a WhatsApp a maejenti, a m'mabanja, a kumpingo. Wina akangofunsa kuti, “Kodi kwanuko zikutheka?” mayankho makumi awiri afika mphindi isanathe. Tsamba lanu likamanena kuti zonse zili bwino pamene gulu la maejenti likulira, mwataya chinthu chokhacho chimene tsambalo linali nacho, ndiko kukhulupiridwa. Ndipo madzi akatayika saoleka. Mawa mukadzalemba zoona, adzati ndi bodza lija.

Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Kwa abwana amene mukuwerenga nkhaniyi, pempho langa ndi loti mumasule manja a mwana amene ali pa ulonda usiku. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene waona vuto ndiye alembe uthenga woyamba, osadikira siginecha ya munthu. Mumulembere mawu ake pasadakhale, tsiku la mtendere, mutu uli wozizira, kuti pa tsiku la moto azingodzaza nthawi ndi dzina la chimene chavuta. Ndipo bonasi ya munthu isamangiriridwe ku kubiriwira kwa tsamba, chifukwa mukatero mwamulemba ntchito yobisa. Kuti n'zotheka kufulumira tinaona pa 8 Juni 2021, kampani ya Fastly itagwetsa masamba ngati a BBC, The Guardian ndi a boma la Britain. Vuto linayamba 9:47 nthawi ya UTC, imene ili m'mbuyo mwa yathu ndi maola awiri, makina awo owunikira analiona mphindi imodzi isanathe, ndipo pofika 9:58 uthenga unali pa tsamba. Anali asanadziwe chimene chayambitsa. Anangonena kuti aona vuto ndipo akufufuza, ndipo zimenezo zinali zokwanira kuti anthu ambiri aleke kugwedeza mawaya a m'nyumba mwawo.

Tsopano ndikuuzeni zimene zinandionekera ine, kuti mumve chifukwa chake mawu olembedwa pa tsambapo ndimawatenga ngati mankhwala.

Chaka china, nyengo ya feteleza, mlongo wanga anandiimbira kuti ali pamzere ndipo ndalama yamuperewera. Ndinapita kwa ejenti wa pamsika wathu, mayi wina wa kabenchi ndi ambulera, amene ndimatumizira ndalama nthawi zonse. Anadina manambala, tinadikira. Foni inangozungulira n'kubwerera poyambira. Uthenga wotsimikiza sunabwere, kwa iye ngakhale kwa mlongo wanga. “Agogo, netiweki yavuta,” anatero. “Ndiye yapita kapena sinapite?” Anayang'ana foni, anayang'ana ine. “Sindingadziwe, agogo. Tiyesenso?” Kumbuyo kwanga kunali anthu asanu ndi mmodzi, dzuwa lili pamutu, mlongo wanga akuimbanso. Anayesa kuimba nambala ya chithandizo, inangolira nyimbo. Ndinati yesaninso. Madzulo mauthenga awiri anafika limodzi: ndalama inapita kawiri, ndipo yachiwiriyo inachoka m'thumba mwa mayi uja, poti ine ndinamupatsa ya ulendo umodzi. Zinatitengera masiku kuti tiwongole, ndipo masiku onsewo mayiyo bizinesi yake inali yotsimphina. Sindikutchula kampani, chifukwa cholinga changa si kuimba munthu mlandu. Ndikungoti panafunika chiganizo chimodzi chokha, choti mayi uja akanachiona pa foni yake: “Ndalama zikuchedwa kufika koma sizikutayika. Musatumizenso kachiwiri.”

Chiganizo chimenecho ndiye muyeso wanga wa uthenga wabwino. Munthu akatsegula tsamba lanu sakufuna kudziwa dzina la seva imene yadwala. Akufuna adziwe ngati vuto lili kwa iye kapena kwa inu, ngati chake chili chotetezeka, ndi chimene achite pakali pano. Choncho zigawo za pa tsamba muzitchule ndi maina amene mwini foni amawadziwa: kulowa mu akaunti, kutumiza ndalama, kulipira bilu, kulandira uthenga wotsimikiza. Maina a m'khitchini mwanu asiyeni kukhitchini. Ndipo mupewe Chingerezi chija chozembera chimene makampani amakonda, choti makasitomala ena mwina akhoza kukumana ndi kuchedwa pang'ono, pamene zoona zake n'zoti palibe ndi mmodzi yemwe akutha kulowa. Ngati ndi onse, nenani kuti onse. Ngati ndi a chigawo cha kumpoto okha, kapena a foni za mtundu wina, nenani choncho, kuti enawo apitirize ntchito zawo ndi mtima m'malo. Ngati makasitomala anu ndi maejenti a ku Mitundu ndi ku Jenda, uthengawo ulembedwenso m'chinenero chimene amawerengera ndalama, ndipo aulembe munthu wochiyankhula.

Uthenga uliwonse ukhale ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo inene kuti ndi ya kuti. Makampani akunja amalemba mu UTC, ife tili patsogolo ndi maola awiri. Ndaonapo achinyamata akukangana kuti vuto linatha kale pamene anangosokoneza mawotchi. Uthenga wopanda nthawi uli ngati nthambi youma pamsewu, sudziwa ngati ndi ya lero kapena ya sabata yatha.

Pa nkhani yolonjeza ndiye muchenjere. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Musalembe kuti zikhala bwino pofika 3 koloko ngati simukudziwa, chifukwa 3 koloko ikakwana zisanakhale bwino mwapalamula mlandu wachiwiri pamwamba pa woyamba. Lonjezani chimene chili m'manja mwanu, chimene ndi kubweranso. Lembani kuti, “Tinenanso pofika 2:30,” ndipo 2:30 ikakwana mubwere, ngakhale mulibe chatsopano, munene kuti tikadafufuza. Amene anadikirirapo wodwala panja pa chipinda cha opaleshoni akudziwa kulemera kwa namwino amene amatuluka n'kunena kuti, “Akadali m'kati, koma akupuma bwino.” Sanachize munthu, koma wakhazika mitima ya anthu khumi pa benchi. Zida zambiri zolengezera zili ndi masitepe anayi, kufufuza, kupeza chavuta, kuyang'anira pambuyo pokonza, ndi kutha kwa vuto. Sitepe yachitatuyo musamailumphe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mdzukulu wanga anandifunsa funso labwino pamenepa. Anati, “Agogo, bwanji osangolumikiza tsambalo ku makina owunikira, lizisintha lokha popanda munthu? Makina sachita manyazi, saopa abwana.” Ndinaganiza kaye. Zoona, makina sanama dala. Koma amanama mosadziwa. Makina owunikira amene ali m'nyumba imodzi ndi seva amafunsa seva kuti uli moyo, seva n'kuyankha kuti ndili moyo, pamene kunja chitseko chatsekeka ndipo palibe akulowa. Ayenera kuima panja, m'malo angapo, n'kumayesa kuchita zimene kasitomala amachita: kulowa, kutumiza, kulandira yankho. Komanso makina akapatsidwa ufulu wonse amakuwa pa chilichonse. Kakachedwa kamphindi kamodzi usiku, afiiritsa tsamba n'kutumiza mauthenga kwa anthu zikwi. Galu wouwa mwezi usiku uliwonse, tsiku la wakuba palibe amadzuka. Tsamba lanu likhale galu wamkota, amene sakandira pachabe. Ndiye ndinamuyankha kuti makina adzutse munthu ndipo aonetse manambala awo poyera, koma mawu alembe munthu. Ndipo ngati munthuyo sanayankhe pakapita mphindi zimene mwagwirizana, makina aike okha chizindikiro choti pali chikufufuzidwa. Mutu umodzi susenza denga.

Pali china chimene amaiwala okonza masamba atakhala mu ofesi ya intaneti yothamanga. Tsamba limeneli chaka chonse limakhala ngati sitolo ya m'mudzi masana a Lachiwiri, kulowa munthu mmodzi pa ola. Tsiku la vuto, anthu onse amafika nthawi imodzi, aliyense akudina mobwerezabwereza. Ngati lili lolemera, lodzaza zithunzi ndi zokongoletsa zovina, lofunsa database pa mlendo aliyense, ligwa pa ola lenilenilo limene linabadwira. Likhale lopepuka, mawu okhaokha okonzeratu, loti likhoza kukoperedwa m'malo ambiri. Ngakhale loikidwa patali limatha kugwa: pa 18 Novembala 2025 Cloudflare itavuta, tsamba lawo lolengezera, limene silikhala pa makina awo n'komwe, nalo linagwa nthawi yomweyo. Iwo anati zinangochitikira pamodzi, koma zinasokoneza mainjiniya awo ena mpaka kuganiza kuti pali adani akuwaukira mbali zonse, pamene vuto linali fayilo yawo yomwe imene inakula kupyola muyeso. Choncho khalani ndi njira yachiwiri yoyankhulira, ndipo anthu aidziwiretu.

Kwa ife kuno kupepukako ndi nkhani ya moyo. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zitaduka, intaneti inafooka ku Tanzania, ku Mozambique, kuno ku Malawi ndi maiko ena a chigawo chino. Tsiku ngati limenelo tsamba lolemera lokhala kutsidya kwa nyanja silitseguka. Ngati anthu anu ambiri ali ndi foni za mabatani, tsamba lawo lenileni ndi SMS, kapena kamzere koyamba pa menyu imene amaidina potumiza ndalama. Koma apa samalani, mapanga awiri avumbwitsa. Njira zikhale zingapo, mawu akhale amodzi, ochokera pa cholembera chimodzi. Tsamba likamati tikufufuza, Facebook ya kampani ikuti zatheka, wa pa nambala ya chithandizo akuti sakudziwa chilichonse, kasitomala amanyowa ali pakati. Za mitundu ndingonena mwachidule: alipo anthu, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, ndiye pambali pa kadontho kalikonse palembedwe mawu.

Njira yachiwiri ija muziiyesa. Kumbukirani a Amazon mu 2020, chida chinalipo koma manja anali asanachizolowere. Kamodzi pa miyezi ingapo, masana dzuwa likuswa mtengo, uzani wa pa ulonda kuti tayerekeza kuti zonse zafa, laputopu ya kuntchito sikulowa, lemba uthenga ndi foni yako. Mudzadabwa zimene zidzatuluke: pasiwedi ili ndi munthu amene anasiya ntchito chaka chatha, nambala yotsimikizira ikupita ku imelo imene yafa limodzi ndi zonse.

Lole ikadzuka n'kupita, masamba achotsedwe. Madalaivala athu ambiri apa ndiye amalephera, ndipo nthambi zimakhala pamsewu mpaka kuuma, mpaka oyenda pamenepo azolowera kuziponda osachepetsa liwiro. Pa tsamba la pa intaneti chimodzimodzi: chenjezo lachikasu limene lakhala milungu itatu palibenso amaliona. Litsekeni vuto likatha, munene nthawi imene latha. Koma mbiri yake musafufute. Pali makampani amene vuto likangotha amasesa bwalo kuti pasaoneke phazi, ndipo ine ndikafuna kusankha wogwira naye ntchito ndimayamba kuona mbiri imeneyo. Tsamba la zipsera, lofotokoza chimene chinachitika ndi chimene anasintha, ndimalikhulupirira kuposa losalala.

Pa ichi a kampani ya GitLab anachita chinthu chimene mpaka lero chimandidabwitsa. Pa 31 Januwale 2017 injiniya wawo, atatopa usiku, anafufuta database yeniyeni poganiza kuti ali pa yachiwiri. Atathamangira ku njira zawo zosungira makope, anapeza kuti pafupifupi zonse sizinkagwira ntchito, ndipo zolembedwa za maola pafupifupi asanu ndi limodzi zinatayikiratu. M'malo motseka makatani, anatsegula chikalata choti aliyense aziwerenga zimene akuchita, n'kuonetsa ntchito yokonzayo pa YouTube anthu akuonerera. Pambuyo pake analemba zonse mwatsatanetsatane, ndipo mlandu anauika pa dongosolo limene linalola kuti chala chimodzi chiwononge zochuluka chotero. Sindikuti nanunso muziyatsa kamera; banki singachite zimenezo, ndipo pali zina zokhudza chitetezo zimene sizinenedwa moto usanazime. Koma injiniya amene akudziwa kuti sadzapachikidwa ndi amene amanena msanga kuti ndalakwitsa, ndipo uthenga wa pa tsamba umayambira pakamwa pa ameneyo.

Mdzukulu uja anabwerera ku Lilongwe, ndipo patapita milungu itatu ananditumizira adiresi ya tsamba lake kuti ndilione. Ndinapita nayo foni pa chulu cha kuseri kwa sitolo, pamene timapezera netiweki kwathu kuno, kamzere kamodzi kapena tiwiri. Ndinadina, ndinadikira, mbuzi inadutsa, mwana wa a neba anabwera kudzandipatsa moni n'kubwerera. Kenaka chinayamba kutuluka ndi chithunzi chachikulu cha chizindikiro cha kampani yawo, pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, mawu onse ali pansi pake sanafike. Ndinamuimbira pomwepo. “Chithunzichi chichoke, mawu akwere pamwamba.” Anati abwana amachikonda. Ndinati awauze abwanawo abwere adzaime pa chulu pano. Lachisanu lake ananditumizira uthenga kuti ndiyesenso, ndipo ulendo uno linatseguka ndisanamalize kupukuta magalasi: mizere isanu, nthawi ya Malawi pambali pake, ndi nambala yotumizirako SMS pansi.